Mgolo wa ba Mwikisa

Ku Maramba konse, mpaka ku Libuyu, panalibe munthu amene ankayatsa zinyalala asanayang'ane uku ndi uku. Sikuti ankaopa a khonsolo ayi. Ankaopa ba Mwikisa. Utsi ukangoti tolo kuseri kwa nyumba, simunkadikira nthawi, mumangomva njinga ili kwee, kwee, kwee, kenako mawu aja: "Mukuotcha shuga! Anthu inu, mukuotcha shuga!"

Iwo ankati chomera chilichonse, kaya phesi, kaya udzu, kaya chitsononkho, ndi shuga amene Mulungu anamutsekera ndi loko, ndipo ntchito ya munthu ndi kupeza kiyi. Tsiku lina anazimitsa moto wa abusa ndi ndowa ya madzi ochapira, abusawo ali chiimire pomwepo, tsache m'manja.

Lero aliyense akuti anali munthu wanzeru. Bodza lenileni! Tonse tinkawatcha amisala, ndipo amene anasenza misala imeneyo zaka khumi ndi chimodzi ndi akazi awo, ba Namakau.

Ba Mwikisa anali wa njanji. Anayamba ali mnyamata, akusonkheza moto m'sitima za ku Mulobezi. Atapuma ntchito, anzawo anatsegula timagolosale, ena anabwerera ku Mongu kukaweta ng'ombe. Iwo anabwera ndi mgolo wapulasitiki wabuluu, n'kuukhazika pakati penipeni pa dimba la ba Namakau la kalembula, masamba a mbatata aja.

"Batate ba Mwangala, ichi n'chani?"

"Ni fakitale."

"Pa ndiwo zanga?"

"Bamake Mwangala, mafakitale onse amayamba pa ndiwo za munthu."

Ntchito yake inali yotere. Ankadula mapesi tizidutswa, n'kuwaviika m'chidulo kuti afewe, n'kuwaphika pa nthunzi. Akatero ankathiramo madzi a mu mgolo uja kuti shuga amasuke, n'kuonjezera yisiti, zisase, kenako n'kutcheza. Chotuluka chinali sipiriti yophikira. Zotsalira ankaziumba timibulu toyaka ngati makala, zina n'kupatsa mbuzi. Palibe chotayidwa. Chinkatayika ndi mtendere wa ba Namakau basi.

Nanga kiyi uja anamupeza kuti? M'mimba mwa njovu! Ankati njovu imadya nthambi zouma gwa, koma taonani thupi. Ndiye kuti m'mimba mwake muli tizilombo tosaoneka ndi maso todziwa kumasula shuga. Ndipo ndowe zake ankafuna zotentha, zongogwa kumene. Mkulu wa mpingo wathunthu, wa imvi, ankapalasa njinga mpaka ku Simonga kukalondola njovu ndi chidebe.

Ulendo wina oteteza nyama anawagwira.

"Mudala, mufuna minyanga?"

"Minyanga ya chani? Ine za kutsogolo kwa njovu nilibe nazo ntchito. Nifuna za kumbuyo."

Anawabweretsa kunyumba pa galimoto ya boma, chidebe chili pamiyendo. Msewu wonse unatuluka. Ba Namakau sanapite kumsika sabata yathunthu chifukwa cha manyazi.

Kasanu ndi katatu tizilombo tija tinafa. Ulendo wachisanu ndi chinayi mgolo unayamba kuchita thovu, uku ukulira pansipansi, bwu, bwu, bwu. Ba Mwikisa anavina siyomboka pabwalo, okhaokha. Kuyambira tsiku limenelo madzi a mu mgolo anawatcha mbewu, ndipo lamulo linali limodzi: m'mawa uliwonse mbewu idye manja awiri a mapesi ofewa, itakasidwe ndi nkhafi. Ikakhala masiku anayi osadya, yafa, ndipo siidzabwereranso.

Ndiye munthu uja anasiya kugona kunja. Mwambo waukulu wa Kuomboka, wa ku Mongu, unadutsa kangapo, iwo osapita. Mng'ono wawo, ba Muyangwa, anakwatitsa mwana ku Senanga, iwo anangotumiza akazi awo ndi uthenga wakuti mbewu siyenda pa basi. Ba Muyangwa mawu amenewo anawasunga.

Chimene chinawawa kwambiri ba Namakau ndi poto. Poto wamkulu, umene amayi awo anawapatsa pa ukwati. Anabwera kuchokera ku msonkhano wa amayi a mpingo n'kupeza chivundikiro chabooledwa, paipi itasomekedwa pakati.

"Mwaboola poto wa amayi anga?"

"Kabowo kang'ono chabe."

"Mverani, batate ba Mwangala. Tsiku limene muzatseka maso, ine sinizalira poyamba. Nizayamba kutaya chimgolo chanu ichi, ndiye nilire bwino."

"Muzalira kawiri," anatero iwo, akutakasa.

Lumbiro limeneli ba Namakau analibwereza chaka ndi chaka, mokweza, ndipo tonse tinalimva.

Oyandikana nawo nyumba, ba Harriet, anatopa ndi fungo, nakauza apolisi kuti pa Mwikisa akutcheza kachasu. Anabwera apolisi awiri. Ba Mwikisa anawapatsa mipando, nayatsa kambaula kawo. Lawi labuluu linati phwii, lopanda utsi, ketulo n'kuwira. Wapolisi wamkulu anati umboni uyenera kulawidwa, natenga botolo n'kupapira. Sankadziwa kuti mwini wake ankathiramo palafini dala, kuti zidakwa za ku Maramba zisamwe mafuta ake. Bwana uja analavula mpaka chipewa kugwa. Anamwa tiyi makapu awiri kutsukuluza m'kamwa, ndipo mlandu unathera pomwepo.

Kenako kunabwera chaka cha chilala chija, madzi atachepa ku damu la Kariba, magetsi akumabwera ngati mlendo wa patali. Makala anasowa. Mukudziwa amene anali woyamba pa geti, botolo la kokakola lopanda kanthu m'manja? Ba Harriet!

"Ba neba, tithandizeniko tumafuta twanu. Malaiti kulibe, bana sanadye."

Ba Namakau anafuna kuwakumbutsa za apolisi, koma amuna awo anali atadzaza kale botolo. Miyezi isanu msewu wathu unaphikira mapesi a ba Mwikisa. Paja amati wamisala anaona nkhondo. Koma magetsi atangobwerera, anthu omwewo anayambanso kugwira mphuno podutsa pa geti. Tilibe manyazi ife!

Anthu ophunzira nawonso anabwera. Anyamata atatu a ku Lusaka, a magalasi, pa galimoto yoyera. Anati zimene mudala akuchita kuseri kwa nyumba ndi zomwezo zimene mafakitale akuluakulu a kunja amachita ndi makina, kusandutsa zomera kukhala shuga, shuga kukhala mafuta. Anajambula mgolo, anajambula nkhafi, anajambulanso mbuzi. Anatunga mbewu m'botolo kuti akaiyeze, nalonjeza kubwerera mwezi wa mawa. Anangowasiyira kachipewa, kapusi. Kapusi! Zaka zonsezo, kapusi imodzi, yothina. Ba Mwikisa ankaivala Lamlungu lililonse, ndipo galimoto yoyera ikadutsa mumsewu ankaimirira. Ba Namakau ankaona zimenezo pawindo, mtima n'kumawawa, koma chotuluka pakamwa chinali chakuti, "Khalani pansi imwe, mukuchititsa manyazi."

Ba Mwikisa anagwa Lachiwiri m'mawa, mu Ogasiti, chikwanje chili m'manja, atangomaliza kudyetsa mbewu. Pofika kuchipatala anali atapita.

Maliro anali aakulu, ndipo apa m'pamene ine magazi amandiwira. Nkhuni zitachepa, amayi ophika anaona mulu wa mapesi kuseri kwa nyumba, wouma bwino, wosanjidwa ngati mabuku. Anautenga. Pa maliro a Mwikisa, anthu anaotcha mapesi a Mwikisa! Utsi unakwera masiku atatu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anatsegula pakamwa. Tinadya.

Ba Namakau anali m'nyumba, pa mphasa, atazunguliridwa ndi amayi, monga mwambo ufunira. Namfedwa satuluka, sagwira ntchito, salankhula mokweza. Fungo la utsi analimva, analidziwanso. Koma chimene chinkawasowetsa mtendere chinali china. Zaka khumi ndi chimodzi anagona ndi kudzuka akumva bwu, bwu, bwu kuseri kwa windo, akutukwana. Tsopano anapezeka akutchera khutu. Lachitatu mgolo unalira bwino. Lachinayi unalira mwaulesi. Lachisanu, pobwera kumanda, ankachita kuumva mwa apo ndi apo. Ankawerenga masiku pa zala, pansi pa chitenje, n'kumadzikalipira okha kuti si izi ndinkafuna?

Loweruka m'mawa abale anakhala pabwalo kugawa katundu. Ba Muyangwa anatenga njinga ndi jekete la njanji. Kenako analoza kuseri.

"Na mgolo uja. Ku Senanga uzatithandiza kutungira manzi. Tayani vonunkha ivo. Ndiye vinalanda mkulu wanga, mpaka ukwati wa mwana wanga osabwera."

Ba Harriet anavomereza ndi mutu. "Ngakhale mlamu wanu anakamba kale. Tonse tinamva."

M'nyumba muja ba Namakau anamva mgolo ukukwekwerezedwa pa simenti. Anamva khwaaa. Amayi awiri anayesa kuwagwira mikono, koma anawakankha. Namfedwa anatuluka opanda nsapato, duku litagwa, nadutsa pakati pa amuna onse.

"Siyani! Muyangwa, siya!"

Pa zaka makumi anayi anali asanatchulepo mlamu wawo dzina lokhalokha. Mgolo unali chigonere, madzi akuda akuthamangira m'ngalande. Ba Namakau anatola poto wa amayi awo uja, nagwada m'matope, natchera kukamwa kwa mgolo. Anapeza otsala pansi, osafika ndi theka la poto.

"Mulamu, si imwe munalumbira kuti muzataya?" anafunsa ba Muyangwa.

"Ninalumbira ine! Wotaya ni ine, osati iwe! Unamudyetsapo? Unanunkhapo naye m'nyumba? Tenga mgolo wako, uyende."

Anatembenukira amayi ophika aja. "Mapesi ali kuti?"

Ena anayang'ana pa phulusa, ena kumapazi kwawo. Ba Namakau anakwawa pansi pa khola la mbuzi, natola tizidutswa timene tinagwera m'menemo, mpaka manja awiri anakwana. Anathira m'poto, natakasa ndi mthiko, nakhala pansi pomwepo kudikira. Alendo anatsanzika mmodzimmodzi, iwo osadzutsa mutu. Dzuwa litapendeka, kathovu kamodzi kanatuluka pamwamba, kenako kena. Apo m'pamene analira, kulira kumene sanalire kumanda.

Ogasiti wabweranso. Utsi uli ponseponse ku Maramba, ndipo aliyense akuotcha mmene akufunira. Koma taonani munthu akamakhwatcha machesi: amayambabe wacheuka kumsewu, n'kudikira pang'ono. Njinga sibwera. Motowo umangoyaka, wopanda wotsutsa, ndipo sukomanso.

Ba Namakau sathamangitsa utsi wa anthu, ndipo akuti njovu sadzazilondola ngakhale mutawamanga. Dimba la kalembula labwerera. Koma m'mawa uliwonse, mukadutsa kuseri kwa mpanda wawo, mumamva mthiko ukugunda poto, ndi mawu aukali omwe aja amene tinawazolowera zaka zonsezo.

"Idyani, imwe. Mununkha. Munaniboolera poto. Idyani."