Chigubu Chimene Ndinamanga ndi Mphira

Izi sindinauzepo ngakhale amayi anga ondibala, koma poti ku Malowera konse anamva kale, bola ndifotokoze ndekha.

Chaka chimenecho apongozi anga anandipatsa kadimba. Anati ndiyesere chilimwe chimodzi, ndiwo zamasamba za kove zikakanika apereka malowo kwa mpongozi wawo wina. Adubu, feteleza wa m'thumba uja, ndinalibe. Choncho atabwera tekiniko wa zaulimi kuchokera ku Fingoe, ndinabereka Rozita n'kupita kumsonkhano wake, n'kukakhala kumbuyo kwenikweni (ine pagulu ndimachita manyazi).

Tekinikoyo anati m'masamba owola a kuthengo muli tizilombo tosaoneka ndi maso, tamitundumitundu, tokhala pamodzi ngati mudzi. Tina timadya gaga, tina timadya zotsala za tinzake, mapeto ake chimatuluka chakudya cha mbewu. Anathira m'chigubu masambawo, gaga, ndowe, madzi a nzimbe ndi madzi. Atangogwira kapaipi, Rozita anayamba kulira. Ndinapita kuseri kukayamwitsa. Pobwera ndinapeza anthu akuwomba m'manja.

"Pali funso?" anatero tekiniko.

Funso linalipo: kapaipi n'kachiyani? Koma ndinangoyang'ana zala zanga zakumapazi.

Kunyumba ndinachita zonse mwandondomeko. Pofika potseka ndinaganiza ndekha. Nkhuku ndawetapo, mbuzi ndawetapo, chiweto chosatsekera chimathawa. Nanga tosaonekati ndikatisaka kuti? Ndinatseka chivindikiro, n'kukulunga pulasitiki, n'kumanga ndi mphira wa njinga. Poti inali nyengo yozizira, ndinachiika padzuwa kuti tisazizidwe (musaseke, ndinkatimvera chisoni).

Tsiku lachitatu chigubu chinatupa. Ndinasangalala kuti tikuswana. Tsiku lachisanu chinali ngati mbuzi ya bere, mbali zonse zitakungika. Abambo ake Rozita anachizungulira patali.

"Chinthu chakochi chikulira."

"Tikudya," ndinawayankha, n'kuwonjezera mphira wina.

Lamulungu apongozi anadutsa pochokera kutchalitchi, atavala bulauzi yoyera ndi duku latsopano.

"Make Rozita, kove uja wayamba chikasu. Ndiye mukuweta chiyani m'menemu?"

"Tizilombo, amayi."

"Tizilombo? Tili kuti?"

"Sitioneka, amayi."

"Zosaoneka ine ndazisiya kutchalitchi. Tsegulani."

Ndinagwada n'kuyamba kumasula. Iwo anawerama kuti aone bwino. Mphira wachiwiri sindinamalize. Phuu! Chivindikiro chinauluka kupitirira nkhokwe, ndowe za masiku asanu ndi limodzi n'kutsatira. Nkhuku zinabalalika. Ine ndinanyowa mkono wokha, popeza pakamwa pa chigubu panaloza kwa iwo.

Anaima osagwedezeka, gaga akuyenderera kuchokera pa duku. Fungo lake musafunse. Anapukuta diso limodzi, n'kundiyang'ana nalo.

"Tsopano ndationa."

Ndinkafuna nthaka itseguke. Koma ndikuwathira madzi kubafa, mtima unali pa chigubu: mwatsala zingati? Munatsala pang'ono pansi. Ndinasungunula ndi madzi ambiri monga anatiuzira, n'kukathira mizere iwiri madzulo omwewo, bulauzi ija ili m'beseni.

Pamsonkhano wotsatira ndinakhala kutsogolo. Ndinakweza dzanja.

"Pepani, kapaipi kaja n'kachiyani?"

Amayi onse anagwa nako kuseka, nkhani inali itafika kale. Tekiniko anadikira athe, ndipo anati tizilomboto tikamadya timatulutsa mpweya. Kapaipi kamautengera m'botolo la madzi, kuti wam'kati utuluke koma wakunja usalowe.

"Ndiye itoto sitithawa?"

"Pali chakudya tithawirenji, mayi?"

Mizere iwiri ija inabiriwira kuposa inzake. Apongozi anaiyendera, kenaka anati dimba ndipitirize, koma ziweto zangazo zizikhala kumunda konko, osati pakhomo pawo. Kove amadya, atanditsukitsa katatu.

Pano ndili ndi zigubu ziwiri, zonse za kapaipi. Koma ndisaname: botolo likamachita bwibwibwi, mtima umandiuzabe kuti tikutuluka kamodzikamodzi. Ndimakhala pamenepo kuyang'anira, manja nditawapanira m'khwapa kuti asagwire mphira.