Dzanja la Chitaka Pansi pa Bedi Langa

Amene akuti ndikunama adzuke pabenchipo, akwere minibasi ya ku Bangwe, akafunse za a Mpinganjira okhoma zidebe, ndine amene, ndipo akamuonetsa nyumba imene agalu amailambalala mpaka lero.

Chaka chimene kwacha inagwa, ndinati ndalama zanga za bokosi sizigonanso kubanki. Inde, bokosi la maliro anga. Ana anga ndimawadziwa, akhoza kundikulunga mumphasa n'kumalira mokweza kuti anthu asaone. Ndinaswa simenti pansi pa bedi, n'kukwirira chitini, pamwamba pa ndalamazo n'kuikapo khala, poti a chitaka, aja amaba ndalama m'matsenga, ndalama yogona ndi khala saikhudza.

Ndinalakwa kamodzi kokha. Tsiku lina magetsi atazima, makala atatha, madzi a tiyi atatsala pang'ono kuwira, ndinafukula khala lija n'kuliponya pambaula. Mukumva? Khala limodzi.

Masana omwewo, dzuwa lili paliwombo, m'nyumba munazizira mpaka mano kuguguda, nkhuku panja zinangoti zii, ndiye ndikumva pansi pa bedi kuti tswa tswa tswa, posuzumira ndikuona ndalama zanga zikutuluka mumng'alu wa simenti imodziimodzi, zikukwawa pamzere ngati linthumbu kulowera kubowo la makoswe, ndipo nkhope zonse za pandalamazo zinatembenuka kundiyang'ana, zina zikugwetsa misozi. Mantha ndinachita, sindibisa. Koma nditaganiza za mphasa ndinapisa mkono m'bowomo mpaka m'phewa, n'kugwira dzanja lozizira lopanda zikhadabo, ndinakoka, nalonso linakoka, ndinaponda khoma n'kukokanso, mkono ukungobwera wopanda chigongono, ine ndikuupinda ngati payipi ya madzi, unadzaza kuchipinda, unadzaza pabalaza, wina ndinakauyanika pachingwe panja, mpaka ndinamva mwini wake akubuula ku Zingwangwa, tauni yonseyi ili pakati pathu. Mukunditsatira? Ndinatenga hamala yanga yokhomera zidebe, chala chilichonse chimene ndinkatswanya chinkalavula ndalama, ndipo ndisanafike pa chala chachikulu m'bowomo munatuluka mawu a mayi wachikulire, aulemu kwambiri.

"Pepani bambo, tengani zanu. Tidzaonana pa tsiku lanu."

Ndinawayankha kuti asadzaiwale chipepeso. Ndalama zonse zinabwerera m'chitini, osasowa ngakhale imodzi, ndikulumbira pali manda a mayi anga.

M'mawa mwake ndinanyamula chitinicho kupita kwa okhoma mabokosi ku Ndirande. Kalipentala anayang'ana ndalamazo, n'kuyang'ana msinkhu wanga, n'kundiuza kuti pa mitengo ya masiku ano zimenezi zikukwana chivundikiro chokha. Ine amene ndinaliritsa mfiti ndinangoti zikomo, n'kuchisenza pamutu mpaka ku Bangwe.

Chili kuseri kwa chitseko changa. Masana ena chimagogoda chokha, ndipo ndimachiuza kuti chiyambe chadikira, matabwa a m'mbali sindinawapeze.