Mapira Anga ndi Chikasu

Lolemba

Ng'amba yakula. Mtsinje wa Mwanza wauma, kwatsala mchenga wokhawokha. Chimanga cha anthu onse kuno kwa Chapananga chapserera. Koma mapira anga? Biriwiri! Ndaima pachulu m'mawa wonse kuti odutsa ationere pamodzi, ine ndi munda wanga.

Lamulungu kukubwera a Zuze, amalume ake a Esitere, mtsikana amene ndikufuna kukwatira. Akuti mwana wa kumishoni ngati ine amadziwa choko, khasu ayi, ndipo mwana wa mlongo wawo sangamupereke kwa munthu wopanda munda wamoyo. Abwere adzaone. Esitere ndi wanga basi!

Lachiwiri

Masamba apansi ayamba chikasu, kuyambira kunsonga. Tchale, mnansi wanga amene chimanga chake chinafa kalekale, akusuzumira pampanda: “Nawenso yakupeza.” Nsanje yokhayokha! Ndikumufotokozera kuti mapira ngochenjera. Madzi akachepa amalanda kubiriwira m'masamba akale n'kukweza m'mwamba, kuti ngala idye. Iye: “Udzawauze a Zuze zomwezo.”

Apo wanena zoona, a Zuze samva zofotokoza. Ndiye ndikuthothola tsamba lililonse lachikasu. Madzulo munda wabiriwiranso. Kuphunzira n'kwabwino!

Lachitatu

Chikasu chakwera mpaka m'mabondo. Masana masamba otsala akudzipinda ngati mkeka. Ndikuthotholanso.

Masamba adzulo aja ndinawaunjika m'mphepete mwa munda, ndipo mbuzi zamva. Zatha muluwo, zalowa m'kati. Alendo a lero: mbuzi za Tchale, mbuzi za kutsidya, mbuzi zina zoti mwini wake sindimudziwa, ndi ng'ombe yowonda imene ndaikankha mpaka thukuta koma osasuntha.

Komatu palibe ngakhale imodzi yapita m'munda mwa Tchale. Ndi mbuzi zomwe zikudziwa mlimi!

Lachinayi

Nzeru yatsopano: kuthirira. Ndabwereka mtsuko, ulendo wa ku Mwanza kumene amayi akufukula madzi mumchenga. Mwamuna ndine ndekha. Kuseka kwake! Wina akufuula: “Aphunzitsi, nkhata mwaisiya kutchalitchi?” Wandipotera ya udzu, wandisenzetsa. Theka la madzi lathera pamalaya anga.

Amayi ake a Esitere aliponso, akhala pamchenga atagwira msana, akudikira wowasenzetsa. Ndikugwada patali, iwo akutembenukira kumbali monga mwa ulemu. Koma ndaona, akundiyang'ana ndi diso limodzi. Manyazi andigwira mpaka kuphazi.

Madzi ndathira pa mapira. Ming'alu yameza, dothi silinade n'komwe.

Lachisanu

Ndikusenza osagwirira! Kuchokera ku Mwanza mpaka kumunda, manja ali lendelende, dontho osagwa. Amayi aja asiya kuseka, ena ayamba kundipatsa malo pachitsime. Lero ndasenzetsa anthu ineyo.

Chikasu chili m'chiuno. Ndathothola. Mpheta zabwera kudzaona ngala, zimene zikadali zazing'ono ngati chala. Ndakuwa mpaka mawu atha. Lamulungu nyimbo kutchalitchi ayambitse wina.

Loweruka

Mphepo yotentha tsiku lonse. Esitere akudutsa ndi nkhuni, waima, wayang'ana nthawi yaitali. “Mapirawa mwawameta chifukwa chiyani? Kuli maliro?” Wapita akuseka, nkhuni zikugwedezeka pamutu.

Zoonadi atsala mapesi okhaokha, aliyense ndi kanthenga pamwamba. Kanthengakonso kayamba chikasu. Mtima wandiwawa, sindibisa. Mwina masamba aja anali asanamalize kupereka zawo pamene ndimawathothola.

Koma kuseri kwa chulu kwatsala mapira angapo obiriwira bwino, amene ndinawaiwala. Mawa a Zuze ndiwadutsitsa kumeneko, ndiwaimitse moyang'ana chulu. Ndasesa kale kanjira.

Lamulungu

Tatuluka m'mapemphero, a Zuze ali pakhonde ndi ndodo yawo. Ndikuti tiyeni kumunda. Iwo osadzuka, akungoyankha mosakaniza ndi Chisena chawo: “Munda nkhabe, sindipitako. Mbiri yake tinaimva kale, mbuzi zathu zinali komweko.”

Ndikuti mumtima: Basi, Esitere wapita.

Kenaka: “Koma mlongo wanga akuti chibadwire sanaone mwamuna wosenza mtsuko chotero. Mlongo wangayo msana wake unatha. Akuti mkamwini wake ndi ameneyu, wina samufuna. Pyadidi?”

Ndayankha kuti pyadidi, zili bwino. Ndikanati chiyani?

Ndapambana! Tchale wamva, wangolowa m'nyumba. Mapira afa, kanjira kanga palibe wapondamo, koma mkazi ndapeza.

Madzulo kwabwera mphatso yochokera kwa apongozi: mtsuko. Waukulu kuposa uja, wofika m'chiuno. Akuti ndiyambe mawa dzuwa lisanatuluke, ndizolowere.