Wailesi pa chulu

Lolemba, kumayambiriro kwa Juni. Alipo: ine, mayi a kunyumba, mwana wanga Esinati, mkamwini, adzukulu. Ndalamula kuti sabata ino banja lonse lizimvera nkhani pa wailesi ya boma, monga kale, pa chulu cha kuseri, poti ndi pokhapo pamene imagwira. Za m'foni ndisazimve. Palibe wayankha. Ndikuyesa avomera.

Lachiwiri. Abwera onse, ndi achinyamata a m'mudzi omwe. Ndakondwa, koma sindikuonetsa. Kenaka ndikuona mitu yonse yawerama. Chulu chomwechi ndi pamenenso foni imapeza netiweki! Akuonera filimu ya ku India. Wailesi ikulangiza za anankafumbwe m'nkhokwe. Omvera: ine ndi mbuzi.

Lachitatu. Mabatire atha. Mkamwini akuti, "Bambo, wailesi yanuyo ilimonso m'fonimu, ndikutsegulireni?" Ndakana. Nkhani za dziko sizimveredwa m'kanthu kamene munthu amalowa nako kuchimbudzi.

Lachinayi. Mayi a kunyumba nawonso agwa. Ndawapeza pa chulu, foni ya Esinati m'manja, misozi chuchuchu. Ndikufunsa wamwalira ndani. Akuti, "Iyayi, mtsikana wa m'filimuyu akumukwatitsa kwa munthu wosamufuna." Ng'ombe yathu itafa, mayi amenewa sanalire!

Lachisanu. Mabatire ndagula ku Lisungwi. Pa chulu womvera ndine ndekha. Mauthenga achisoni: a Lupiya, amene tinkasenza nawo matumba a ufa pa kampu ya othawa nkhondo ya Luwani, atisiya. Maliro mawa. Ndatsika kukauza banja. Esinati akuti, "Tinaona dzulo, bambo. Koma munati za m'foni musazimve, eti?" Ndinaterodi.

Loweruka. Kumaliro. Ndikufunsa okalamba anzanga ochokera kutali kuti amva bwanji. Wa ku Magaleta: wailesi. Wa kutsidya: wailesi. Tatsala ochepa, ndipo makutu athu ayamba kugontha. Achinyamata akujambula bokosi ndi mafoni.

Lamulungu. Lamulo ndalichotsa. Chulu tagawana: iwo pamwamba, ine m'mbali, kumene wailesi imaphwephwetera pang'ono. Kodi tikatha ife, olengeza a pa wailesi aja azidzalankhula ndi yani? Sindidziwa, ndipo si ine wokonza zimenezo. Esinati ndamuitana, ndamuuza pamaso pa amake: tsiku langa likadzafika, foni idikire. Udzayambe wapereka uthenga ku wailesi, dzina langa alitchule bwino ndi la mudzi lomwe. Anzanga otsala amamvera kumeneko.