Nkhuku Zanga Zitada Bii

Ndinene poyamba kuti cholinga changa chinali chabwino, ndipo Mulungu amene amaona mumtima akudziwa. Vuto n'lakuti anthu a ku Pembamoyo amaona nthenga.

Ndimaweta nkhuku zoyera, mabuloyila, ndipo Lachitatu lililonse ndimalalikira kutchalitchi kwathu. Chaka chatha amayi a chigwirizano a mpingo wathu anandipempha kuti ndiwasungire nkhuku zodyetsa alendo pa msonkhano wawo waukulu. Ndinavomera ndi chimwemwe.

Nkhukuzo zikukula, alangizi a ziweto ochokera ku boma anadzera pakhomo. Ataona zomwera za nkhuku zanga anagwira mutu. Ndinali nditadula mabatire akale a sola n'kumathiramo madzi (ndipo ndinkanyadira nzeru imeneyi).

"Abambo, m'mabatire muli mtovu," anatero. "Nkhuku ikamwa, poizoniyo amakhala m'nyama, kenaka amalowa mwa munthu. Tayani lero lomwe. Ku Chipata kuli ufa wakuda wa makala okonzedwa mwapadera, wosakaniza m'chakudya. Umagwira zoipa m'mimba n'kutuluka nazo."

Mabatire ndinataya. Koma za ku Chipata ndinaseka. Makala? Ine ndikwere minibasi kukagula makala, m'khichini muli thumba lodzaza?

Ndinasinja ndekha. Za muyeso sindinafunse, poti ndinaphunzitsidwa kuti wofesa moumira amakololanso moumira. Ndinakhuthulira ndowa yathunthu m'gaga.

"Atate ake Tiya, mukudyetsa nkhuku kapena mukukoleza mbaula?" anafunsa akazi anga.

"Amake Tiya, khalani ndi chikhulupiriro."

Nkhuku zinajompha pang'ono, n'kuyamba kupalasa. Fumbi linakwera m'khola monse. Ndinati zizolowera, ndipo m'mawa mwake ndinawonjezera. Sabata isanathe zinali zitada bii, maso okha ndiwo ankaoneka, ndiponso zinali zitaonda.

Tsono kwathu kuno aliyense amadziwa amene amafuna nkhuku yakuda: sing'anga. Mayi wina wodzapempha moto anasuzumira m'khola, n'kubwerera wopanda moto. Pofika Lachisanu zinali zitamveka mpaka ku Zingalume kuti mlaliki uja wa Lachitatu akuwetera asing'anga nkhuku. Uthenga unabwera woti akulu a mpingo adzandiona Loweruka.

Sindinachite mantha. Ndinakumbukira mkulu wa nkhondo wakhate uja amene anamira mumtsinje n'kutuluka woyera. Ndinafunditsa madzi, n'kutenga beseni ndi sopo wochapira.

Abale, nkhuku siikonda ubatizo. Yoyamba inandikanda pamphuno. Yachiwiri inapulumuka ndi thovu lake n'kukalowa m'nyumba. Ndipo sizinayere, zinangosanduka zotuwa ngati nkhanga zodwala.

Akuluwo anafika msanga. Anandipeza nditagwada pabwalo, malaya nditavula, nkhope yonse makala, ndikumiza nkhuku yakuda m'madzi uku ndikung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Kunena zoona, ngakhale ine ndikanadzikayikira.

ABanda, wamkulu wa onse, anavula chipewa pang'onopang'ono.

"Mbale, tinabwera kudzafunsa. Kodi tifunsebe?"

Ndinafotokoza za mtovu, za mabatire, za alangizi. ABanda anawerama. Anangotola nkhuku imodzi n'kuipukuta ndi mpango wawo woyera. Anayang'ana mpangowo utada ndi makala, n'kuyang'ana ine, kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka ndi kuseka.

"Abale, uyu si wanyanga," anauza anzawo akupukuta misozi ndi mpango womwewo. "Uyu ndi wamakani chabe. Mlandu umenewu ndi wa akazi ake."

Dzina langa linayera. Nkhuku ayi. Amayi a chigwirizano atamva zoti zinamwapo madzi a m'batire anazikana zonse, ndipo alangizi anawavomereza. Anati makala a pambaula si aja ankanena, komanso muyeso wake ndi wochepa kwambiri. Alendo anadya mbuzi.

Ndinalapa, ndithu ndinalapa. Koma posachedwa ndamva kuti mtundu wina wa dothi nawo umagwira poizoni m'mimba mwa nkhuku, ndipo kuseri kwa nyumba yanga kuli chulu chachikulu chimene Ambuye sanachiike pamenepo pachabe. Chovuta n'chakuti kuyambira tsiku limene ndinatchula nkhaniyi, makasu onse pakhomo pano sakuoneka.