Tinalira Maliro a Sekuru Dzimbiri Mwini Wake Ali Kumunda

Mpaka lero ndikaona munthu akukoka mbuzi pamsika wa pa Boma, ndimayamba ndamuyang'anitsitsa nkhope ndisanadutse. Si kuti ndinaba mbuzi ayi. Ndinachita chinthu choti ngakhale apolisi sangadziwe kuti achitche mlandu wanji.

Atanditumiza kudzagwira ntchito kuno ku Luangwa kuchokera ku Chipata, ndinalibe mnzanga. Ndikaweruka ndinkangokhala pakhonde, thukuta kamukamu, kumaonerera mabwato akuwolokera ku Zumbo. Ndiye mphunzitsi wina, Mayi Esinati, anandimvera chisoni nandilowetsa m'gulu lawo la pafoni. Silinali la chilimba chosonkherana ndalama, kapena la kwaya. Ntchito yake inali kumanga pamodzi dziko lopeka lakutsogolo, kuseri kwa nyenyezi, lotchedwa Nthanda. Aliyense anali ndi munthu wake womulankhulira, ndipo aliyense ankawonjezerapo kanthu, wina mapiri a galasi, wina mizinda yolendewera m'mitambo (anthu a ndevu zathu, ena a zidzukulu, musatiseke).

Mayi Esinati anandiuza malamulo. Usayendetse kapena kulankhulitsa munthu wa mnzako. Ndipo chimene chalembedwa, anthu n'kuchivomera, sichifufutidwa.

Ine ndinali Kaputeni Mphezi, woyendetsa chombo chonyamula mbewu ya mapira kupita ku mwezi wina kumene kunagwa njala. Kuti ufike kumeneko unkayenera kuwoloka mtsinje wa nyenyezi, ndipo wowolotsa anali mmodzi yekha, loboti yokalamba yotchedwa Sekuru Dzimbiri. Mwini wake anali a Lameki, mlimi wa ku Mburuma, amene ndinakumana nawo kamodzi atabwera pa Boma, tinamwa maheu limodzi. Pagulu lonse palibe ankalemba mokoma ngati iwo. Chombo chikafika padoko, Sekuru sankawolotsa asanafunse za ana, za mvula, ndi za bondo la amayi ako.

Chombo changa chitangofika padokopo, a Lameki anangoti zii. Tsiku linadutsa, sabata, kenako tinaleka n'kuwerenga komwe. Anzanga ankamenya nkhondo zawo kumapiri a galasi, ine ndili padoko ndi matumba a mapira. Ndinalemba kuti Kaputeni akuimba mluzu. Ndinalemba kuti akudula zikhadabo. Mtima unayamba kuwawa, chifukwa ine kudikira si mphatso yanga.

Ndiye nzeru zinandibwerera, nzeru zija zimabwera munthu ukakhuta. Lamulo linaletsa kugwira munthu wa mnzako, koma silinanene chilichonse za miyala. Ndinalemba kuti mwala wamoto wagwa kuchokera kumwamba n'kugumula doko, ndipo patseguka kanjira koti chombo n'kudutsa chokha. Cholinga changa chinathera pomwepo, Mulungu ndi mboni.

Ndisanaike n'komwe foni m'thumba, mnyamata wina wa ku Lusaka analemba kuti munthu wake watola mkono wachitsulo m'phulusa. Wina anawonjezera kuti wapeza chipewa cha Sekuru. Mayi wina anatumiza uthenga wa mawu akulira mokuwa, kulira kwenikweni kwa pamaliro (ndinamva pambuyo pake kuti anakajambulira kuseri kwa kiliniki pa nthawi yopuma). Pofika madzulo, dziko lonse la Nthanda linali pa siwa.

Apa n'pamene ndikanayenera kuimitsa zinthu. Koma inu mukudziwa mmene ife timachitira ndi maliro, sitichita mwatheka. Tinagwirizana kuti maloboti saikidwa m'nthaka koma amakankhidwira kudzuwa m'bwato. Tinapeka nyimbo. Tinasankha adzukulu okonza mtembo, iwo n'kuyamba nthabwala zawo zonyoza anamfedwa. Ndipo atafunsa woti alankhule m'malo mwa abwenzi, ndani anadzipereka? Ine ndemwe, mwini mwala. Ndinalemba mawu okoma moti ndinadzigwetsa ndekha misozi pa desiki ya boma.

Maliro atatha kunatulukira achibale. Loboti imene sinatchulepo m'bale inapezeka kuti ili ndi adzukulu, alamu, ngakhale mkazi wachiwiri. Anagawana nyumba, zopalasira, ndi mitengo ya masau imene a Lameki anaibzala m'mphepete mwa mtsinje wa nyenyezi. Bwato lalikulu analipereka kwa ine, ati chifukwa ndinalankhula bwino. Sindinakane.

Loweruka lina ndinapita kumsika kukagula nsomba. Pakashopu kotchajira mafoni ndinaona munthu atakhala pabenchi, chingwe cha mbuzi chili kudzanja limodzi, foni kudzanja linalo, chala chikungotsetsereka pang'onopang'ono. Anali a Lameki, ataonda, maso ali psuu. Ndinafuna kubwerera, koma mbuzi inalira ndipo iwo anadzutsa mutu.

"Ba Kaputeni," anatero mofatsa. "Nkhalani apa. Nikali kuwerenga maliro yanga."

Ndinakhala. Nsomba ndinaiwala.

"Nenze ku munda," anapitiriza. "Nzovu zenze zavuta maningi. Tenze kugona pa nsanja, kumenya vigubu, koma zinadya milisi yonse. Foni nayo inagwera m'matika, m'matope muja, pothawa. Lelo nabwela kugulisa mbuzi kuti tipezeko unga, nati lekani niyashe foni nisekeko na anzanga. Napeza nafa."

"Pepani, a Lameki, ine ndinangogwetsa mwala," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwana wogwidwa ndi dzanja mumphika wa ndiwo.

"Mwala ni mwala, siunipweteka. Manje imwe bonse, nyimbo munaimba, masau munagawana. Palibe olo umozi anatuma foni kwa mkazi wanga kufunsa ngati nili moyo? Namba ninakupasani imwe, pa maheu paja."

Zinali zoona. Namba ija inali m'foni mwanga nthawi yonseyi. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Munthu njovu zamudyera chimanga chonse, ndipo malo amodzi amene anatsala oti akapumireko mtima, ife tinali titagawana.

Ndinauza gulu zonse tsiku lomwelo. Ndinapempha Mayi Esinati kuti tifufute, tibwerere pomwe tinalakwitsa. Amene anakana anali a Lameki eni ake. Analemba kuti lamulo ndi lamulo, chalembedwa chalembedwa, Sekuru anafadi. Kenako anawonjezera mzere umodzi, wakuti ku Nthanda loboti yoikidwa popanda kufunsa abale ake enieni siigona, imabwera.

Mzukwa wa Sekuru Dzimbiri unayamba ndi alamu aja. Zopalasira zinabwezedwa mwamsangamsanga, mkazi wachiwiri anasamuka osatsanzika. Kenako mzukwawo unadzakhazikika m'chombo changa, pampando wakutsogolo, ndipo ulipobe. Ndikati ndinyamuke, umati injini iyambe yapepesedwa. Ndikapepesa, umafunsa za ana, za mvula, ndi za bondo la amayi anga. Anthu a kumwezi kuja mapira awo sanawalandirebe, ndipo gulu lonse limati chigawo chimenechi ndicho chokoma kuposa zonse zimene tinalembapo.

Masiku ano munthu akangoti zii pagulu, woyamba kuimba foni ndimakhala ine, mpaka ena ayamba kudandaula kuti sangapite n'kubafa komwe. Mwezi wathawu ndinakwera lole kupita ku Mburuma ndi kathumba ka mbewu, yeniyeni tsopano. Tikudya, a Lameki anatulutsa foni n'kuwerengera akazi awo mawu anga a pamaliro aja, onse, osadumpha. Mayiwo anapukuta m'maso ndi chitenje, ine ndikungoyang'ana pansi.

"Mumakwanisa, ba Kaputeni," anatero a Lameki potsiriza. "Pa maliro yanga ya zoona mukakambe ndimwe. Koma muyambe mwaona mtembo. Na mbuzi zanga musakaziyandikire."