Bambo Atatu, Ometa a Mumsewu Wathu

Aliyense amene anakhalapo mumsewu wathu akudziwa kuti bambo Atatu, ometa tsitsi aja, sankalandira moni wopanda adilesi.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ukufunsa uti? Kholo ladzuka ndi msana, Wamkulu wadzuka bwino, koma Mwana akadali m'bulangete."

Matendawa anawatenga kukoleji ina kumene ankakolopa asanayambe zometa. Tsiku lina akukolopa pakhomo pa kalasi, anamva mphunzitsi akunena kuti mwa munthu aliyense mumakhala anthu atatu: kholo lokalipa ndi kulera, wamkulu woganiza mofatsa, ndi mwana wolira ndi kusewera. Akuti mphamvu za munthu sizikwanira onse atatu nthawi imodzi. Zimasamukasamuka, ndipo kumene zathira, ameneyo ndiye amayankhula. Bamboyo, pofuna kumva zonse, anakolopa malo amodzimodzi kwa ola lathunthu, mpaka mphunzitsi uja potuluka anaterereka, khu! pansi, n'kuyamba kukuwa akumenya simenti ndi chikhatho.

"Pamenepo ndinadziwa kuti phunziro lija ndi loona," ankatero. "Mphamvu zonse zinathawira kwa Mwana ine ndikuona."

Kuyambira pamenepo, kachipinda kawo kometera, ka mpando umodzi ndi galasi long'aluka pakona, kanasanduka sukulu.

Tsiku lina kunabwera a hedimasitala, nkhope ili ndwii. Makina atangodutsa mbali imodzi ya mutu, iwo anayamba.

"Fulumirani! Anthu a masiku ano simulemekeza nthawi. N'chifukwa chake simutukuka."

Bambo Atatu anazimitsa makina, n'kukhala pabenchi, n'kutambasula nyuzipepala.

"Mukutani kodi?"

"Kholo sindimeta ine, limagwedeza mutu. Ndiitanireni Wamkulu."

"Mukudziwa kuti ndine ndani?"

"Ndinu munthu wometedwa theka. Khomo ndi ilo, ngati mukufuna ana asukulu akuoneni."

A hedimasitala anadziyang'ana pagalasi: uku nkhalango, uku bwalo la mpira. Anayesa kulimba, milomo n'kuyamba kunjenjemera, kenako anaphulika ndi chiphwete mpaka misozi.

"Aa, mwapitirira," anatero bambo Atatu. "Uyu ndi Mwana. Bwererani m'mbuyo pang'ono."

Munthu yekhayo amene nzeruzi sizinkamugwira anali akazi awo. Tsiku lina mvula inagwa masana, patapita miyezi kukutentha koopsa. Bamboyo anatuluka ndi suti yatsopano, n'kuvina pakati pa msewu mpaka matope m'makutu. Atafika pakhomo anapeza mayi ataima, manja m'chiuno.

"Si ine, mayi. Ndi Mwana."

"Palibe vuto," anatero mayiwo. "Mwanayo achape, Kholo lake limuyang'anire, Wamkulu asite. Mulipo atatu, muthana nazo msanga."

Tinawaona madzulo ake atagwada pabeseni, akudandaula kuti anzawo awiri aja athawa.

Ine ndinkaseka nawo ngati wina aliyense, mpaka chaka chimene banja langa linatsala pang'ono kutha. Ndinauza mng'ono wanga kuti adzakhale kwathu, osamufunsa mkazi wanga. Milungu itatu tinkangodutsana m'nyumba ngati anthu a pa depoti, ndipo tsiku lina m'mawa ndinamuona akutsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Ndinathawira kometa, ngakhale tsitsi linali lisanakule.

Bambo Atatu anandikulunga nsalu m'khosi, koma makina sanayatse.

"Mkazi wakoyo unamuuza chiyani?"

"Ndinati nyumba ndi yanga, wolamula ndine."

"Mawu amenewo si ako. Ndi a malemu bambo ako. Ndinawameta zaka khumi, ankanena zomwezo, ngakhale kutsokomola kwake n'komweko. Nanga iye anati chiyani?"

"Anamenyetsa chitseko."

"Ukayankhula ngati kholo, umadzutsa mwana mwa mnzako. Ndiye m'nyumba mwanu muli nkhalamba yolusa ndi kamtsikana kokwiya, eni ukwati kulibe. Pita ukamufunse funso. Osati la wapolisi ayi. Funso loti yankho lake sukulidziwa."

Ndinamupeza akupinda madiresi pabedi. Mawu a bambo anga anafika pakhosi, ndinawameza.

"Mayi a ana, pa nkhani ya mlamu wakoyi, chakupweteka kwenikweni n'chiyani?"

Anaika diresi pabedi, n'kutembenukira kwa ine.

"Kubwera kwake sikundivuta. Bedi ndinali nditamupezera kale. Koma ine kumva kwa mayi a pa golosale kuti m'nyumba mwanga mukubwera munthu?"

Tinakhala pabedi pomwepo mpaka ana anaweruka kusukulu. Chaka chino takwanitsa zaka makumi awiri ndi zitatu tili m'banja.

Bambo Atatu atadwala, ndinapita kukawaona kuchipatala Lamlungu masana. Anali ataonda, koma ndinapeza anesi akuwakalipira. Akuti iwo ndi mkulu wina wa bedi loyandikana anachita mpikisano wa njinga za odwala m'khonde.

"Ndinapambana," anandinong'oneza. "Mnzangayo akuti ndinaba poyambira."

"Bambo, mudzipweteka."

"Mwana wanga, Wamkulu wamva zimene adokotala anena, wamvetsa. Kholo latsanzika kale ana, lamaliza ntchito. Timphamvu tatsalati n'tochepa, tagwirizana kuti timupatse Mwana tonse. Kandigulire aisikilimu, uwabisire anesiwa."

Anamwalira Lachinayi lake.

Pano m'kachipinda kaja muli wometa wina, munthu waulemu, waluso ndithu. Kunena zoona, malemu ankameta mokhota, ndipo tonse mumsewu muno tinayenda zaka zambiri ndi mitu yopendekeka, osadandaula. Lero mitu yathu ndi yosalala ngati ya pa chithunzi. Umalowa, mphindi khumi watuluka. Benchi limakhala lopanda munthu, ndipo anthu akayambana pamsewu amayambana mpaka kumapeto.

Dzulo ndinakumana ndi a hedimasitala aja pakhomo pomwepo, atangometedwa kumene. Anapapasa m'mutu mwawo, n'kupukusa.

"Wameta bwino mnzathuyu," anatero. "Koma ndatuluka mmene ndinalowera."